Mileme, katapila ndi mabishopu: tsiku limene mpingo umayankha mafunso ku Westminster

Lachinayi lina m'mawa, kamodzi pakapita masabata angapo, Sipikala wa nyumba ya Commons ku Westminster amaitana phungu amene si nduna, si wansembe, ndipo salandira kanthu pa ntchito imene akuimirirayo. Phunguyo amadzuka pa benchi ya kumbuyo kwa nduna za boma, mapepala ali m'manja, n'kuyamba kuyankha m'malo mwa mpingo. Kwa mphindi zowerengeka, nyumba imene dzulo lake inali pa mkangano wa misonkho ndi nkhondo imasanduka bwalo lofunsa Mpingo wa England.

Mlendo akamva mafunso ake angayese nthabwala. Phungu wina akufuna kudziwa chimene mpingo ukuchita ndi mileme imene ikuipitsa m'tchalitchi cha kumudzi kwawo. Wina akudandaula kuti akuba akanganula mtovu wonse padenga la tchalitchi chakale, ndipo mvula ikugwera pa guwa. A Jim Shannon a ku Strangford, ku Northern Ireland, salephera kufunsa za Akhristu ozunzidwa m'maiko ena. A Michael Fabricant, pa zaka zonse zimene anali phungu, ankapeza njira yolowetsera tchalitchi chachikulu cha kwawo ku Lichfield m'funso lililonse. Koma pakati pa mileme ndi madenga pamatulukira mafunso a njala, a ngongole, a ukwati, a othawa kwawo ndi a ana ogwiriridwa, ndipo zikafika apo kuseka kumatha.

Mwambowu unachokera ku ukwati wa Mfumu Henry VIII. Papa atakana kuthetsa banja lake loyamba, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo mu 1534 loti mfumu ndiye mutu wa mpingo m'dziko la England. Mwana wake Elizabeth I anafewetsa mawuwo mu 1559, koma mfundo siinasinthe. Mpaka lero Mfumu Charles III ndiye woyang'anira wamkulu wa Mpingo wa England, ndipo lamulo la 1701 limaletsa Mkatolika kukhala pa mpando wachifumu. Dzina la bishopu watsopano limadutsa mu ofesi ya nduna yaikulu lisanafike kwa mfumu, ngakhale kuti kuyambira 2007, m'nthawi ya a Gordon Brown, nduna yaikulu imangopititsa dzina limene komiti ya mpingo yasankha. Nyumba ya Commons imatsegula zokambirana tsiku lililonse ndi pemphero la Chiangilikani, aphungu atatembenukira kukhoma. Ena amabwerako chifukwa cha chikhulupiriro, ena chifukwa chakuti mipando ya m'nyumbamo siikwanira aphungu onse 650, ndipo wofika pa mapemphero ndiye amasungiridwa malo tsiku lonse.

Chimene chimabweretsa mpingo pa bwalo la mafunso, komabe, ndi ndalama. Mu 1948 boma linaphatikiza mabungwe awiri akale, thumba la Queen Anne's Bounty la mu 1704 lothandiza ansembe osauka ndi bungwe la Ecclesiastical Commissioners la mu 1836, n'kupanga bungwe limodzi lotchedwa Church Commissioners. Makamishonala ake alipo 33, ndipo pakati pawo pali nduna yaikulu ndi Sipikala wa Commons chifukwa cha maudindo awo. Chuma chimene amasunga chimaposa mapaundi 10 biliyoni: minda, nkhalango, nyumba za m'dera lodula la Hyde Park ku London, ndi masheya m'makampani a padziko lonse. Phindu lake limalipira mabishopu, penshoni ya ansembe akale ndi madayosizi osauka. Popeza bungweli linabadwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo, liyenera kuyankha ku nyumbayo, ndipo pakamwa pake ndi phungu wa chipani cholamula amene udindo wake umatchedwa Second Church Estates Commissioner. Tingomutchula kamishonala wachiwiri.

Anthu amene akhalapo pa mpandowu si ambiri m'zaka zaposachedwa: a Stuart Bell kuyambira 1997 mpaka 2010, a Tony Baldry mpaka 2015, kenako mayi Caroline Spelman, amene anali mayi woyamba kuugwira, a Andrew Selous kuyambira 2020, ndi mayi Marsha de Cordova a ku Battersea, amene anasankhidwa mu Okutobala 2024. Ntchito yawo njovuta m'njira yachilendo. Nduna ikapanikizidwa ikhoza kulonjeza kuti isintha ndondomeko, chifukwa unduna ndi wake. Kamishonala wachiwiri sangalamule bishopu, sangachotse wansembe, sangasinthe chiphunzitso. Amatenga mkwiyo wa aphungu kupita nawo kwa mabishopu, n'kubwerera ndi yankho laulemu. Nthawi zambiri yankholo limathera pa kulonjeza kuti akalankhula ndi bishopu wa dayosiziyo ndipo alembera kalata wolemekezekayo.

Za mileme zija si zopanda pake. Mpingo wa England uli ndi matchalitchi pafupifupi 16,000, ndipo oposa 12,000 ali m'kaundula wa nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo, kutanthauza kuti sungasinthe ngakhale zenera popanda chilolezo. Boma silidula msonkho wa mpingo monga amachitira ku Germany. Denga likadontha, amene amasonkha ndi akhristu a pamalopo, amene m'midzi yambiri ndi nkhalamba zowerengeka. Mileme nayo njotetezedwa ndi lamulo la zachilengedwe la 1981: kuithamangitsa kapena kutseka pomwe imalowera ndi mlandu. Ndiye taganizirani amayi a mpingo amene Lamlungu lililonse amayamba ndi kukolopa ndowe ndi mikodzo ya mileme pa mabenchi, pa guwa ndi pa ziboliboli za zaka mazanamazana, lamulo limodzi likuwauza kuti asamale nyumbayo, lina likuwaletsa kukhudza chimene chikuiwononga. Aphungu anafunsa za nkhaniyi mosatopa mpaka panabwera ntchito yapadera, yolipiridwa ndi thumba la lotale, yopezera mileme pogona pake m'matchalitchi momwemo popanda kuipitsa pansi. Akuba mtovu nawo anathandiza kubweretsa lamulo la 2013 lokakamiza ogula zitsulo zakale kukhala ndi chiphaso ndi kuwaletsa kulipira ndalama pamanja. Mu Januwale 2025 boma litaika malire a mapaundi 25,000 pa chaka pa msonkho wa VAT umene nyumba yopemphereramo ingabwezeredwe ikakonzedwa, aphungu a zipani zonse anadzuka kudandaula, ndi osapemphera omwe.

Amatero chifukwa m'midzi yambiri ya ku England positi ofesi inatsekedwa, banki inasamuka, malo omwera mowa anagulitsidwa, ndipo nyumba yokhayo yotsala yokumaniramo anthu ndi tchalitchi. M'menemo ndi mmene amagawira chakudya kwa osowa, mmene okalamba amakawothera m'nyengo yozizira magetsi akakwera mtengo, mmene alangizi a ngongole amakumanira ndi anthu amene zawavuta. Onjezanipo masukulu a mpingo oposa 4,500, ophunzitsa ana pafupifupi miliyoni imodzi ndi ndalama za boma. Phungu amene sanapondepo m'tchalitchi chibatizidwire amadziwa kuti denga lija likagwa, mavuto onsewo adzagogoda pa ofesi yake.

Mipando 26

Mafunsowa ndi mbali imodzi ya pangano. Mbali inayo ili kutsidya la nyumba yomweyo, m'chipinda cha Lords, mmene mabishopu 26 a Mpingo wa England amakhala ndi mipando chifukwa cha ubishopu wawo. Akibishopu a Canterbury ndi York, mabishopu a London, Durham ndi Winchester amalowa nthawi yomweyo akapatsidwa udindo, ndipo ena 21 amalowa motsata zaka zimene atumikira. Amavota pa malamulo okhudza Britain yense, kuphatikizapo Scotland, Wales ndi Northern Ireland, kumene mpingo wawo ulibe ulamuliro. Kwathu kuno ganizo longa ili linayesedwa papepala pokha. Malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994 anali ndi nyumba ya Seneti yokhala ndi mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, a zipembedzo omwe, koma nyumbayo inafufutidwa mu 2001 isanakhalepo n'komwe.

Mabishopu a ku Lords amagwiritsa ntchito mipandoyo makamaka pa nkhani za umphawi, ndipo maboma a chipani cha Conservative ndiwo alawa kwambiri ukali wawo. Mu 1985, m'nthawi ya mayi Margaret Thatcher, komiti ya Akibishopu Robert Runcie inatulutsa lipoti lotchedwa Faith in the City lofotokoza umphawi wa m'mizinda imene mafakitale anatsekedwa. Nduna ina, yosafuna kutchulidwa dzina, inauza atolankhani kuti lipotilo ndi la Chimarx. Mu Januwale 2012 Bishopu John Packer wa ku Ripon ndi Leeds anatsogolera a Lords kugonjetsa boma pa ganizo loika malire a mapaundi 26,000 pa chithandizo chimene banja limodzi lingalandire pa chaka. Iwo ankati ndalama za ana zisawerengedwe m'malirewo, chifukwa mwana sasankha banja lobadwiramo. Aphungu a ku Commons anabwezeretsa ganizo la bomalo. Mu 2014 mabishopu 27 anasaina kalata yodzudzula boma chifukwa cha njala, ndipo kumapeto kwa chakacho phungu Frank Field ndi Bishopu Tim Thornton wa ku Truro anatulutsa lipoti la aphungu la Feeding Britain. Mu 2022 boma la a Boris Johnson litalengeza zotumiza ofuna malo othawira ku Rwanda, Akibishopu Justin Welby anadzudzula ganizolo pa ulaliki wa Pasaka, ndipo mabishopu a ku Lords analemba kalata limodzi yolitsutsa.

Yankho la andale silisintha: amakusankhani ndani? Ndipo akalephera kuwayankha mabishopu ku Lords, amakadikirira mpingo ku Commons Lachinayi, ndi funso la kumene ndalama zake zagona.

Nkhani ya Wonga ndiyo imaonetsa bwino chifukwa chake funsolo limaluma. Wonga inali kampani ya katapila wa pa intaneti, yobwereketsa tindalama tochepa kwa masiku ochepa kwa anthu amene malipiro awathera mwezi usanathe. Chiwongoladzanja chake, chikawerengedwa pa chaka, chinkaposa 5,000 peresenti. A Welby, amene asanalowe unsembe anagwira ntchito zaka 11 m'makampani a mafuta ndipo ankadziwa bwino za ndalama, analengeza mu Julayi 2013 kuti anauza mkulu wa kampaniyo kuti mpingo sudikira lamulo, koma uithetsa pochita nayo mpikisano. Ankafuna kuti matchalitchi atsegule zitseko zawo kwa mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, ofanana ndi ma SACCO athu. Nyuzipepala zinawaombera m'manja. Tsiku lotsatira Financial Times inaulula kuti ndalama za mpingo womwewo, kudzera mwa kampani ina yoika ndalama m'mabizinesi atsopano, zinali mu Wonga. Zinali zochepa, mapaundi pafupifupi 75,000, koma a Welby anavomera poyera kuti zawachititsa manyazi, ndipo zinatenga chaka chathunthu kuti makamishonala azitulutse. Pamapeto pake chimene chinagwetsa Wonga si mpikisano wa mpingo. Bungwe loyang'anira za ndalama linalamula kuti kuyambira Januwale 2015 chiwongoladzanja chisapose 0.8 peresenti pa tsiku, komanso munthu asabweze zoposa kawiri zimene anakongola. Madandaulo a makasitomala atachuluka, kampaniyo inagwa mu Ogasiti 2018. Mwezi wotsatira a Welby anadzudzula Amazon pa msonkhano wa mabungwe a apantchito chifukwa cholipira msonkho wochepa, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti Amazon inali pakati pa makampani amene makamishonala anaikamo ndalama zambiri.

Apa m'pamene ndikuona phindu lenileni la mwambowu. Mpingo wolalikira za osauka uli ndi chuma cha mabiliyoni uyenera kukhala ndi malo amene munthu angaufunse poyera, yankho n'kulembedwa m'buku la zokambirana za nyumba ya malamulo, kumene aliyense angaliwerenge. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makamishonala anataya mapaundi pafupifupi 800 miliyoni pa bizinesi ya malo ndi nyumba, ndipo komiti ya aphungu yotsogozedwa ndi a Field inawaitana kudzafotokoza. Mu 2023 anachotsa ndalama zawo m'makampani akuluakulu a mafuta monga Shell ndi BP patatha zaka akufunsidwa. Chaka chomwecho, atafufuza m'mabuku awo akale, anavomera kuti thumba la Queen Anne's Bounty linaika ndalama zambiri mu South Sea Company, kampani imene inkanyamula akapolo kuchoka ku Africa kupita ku America, ndipo analonjeza mapaundi 100 miliyoni okonzera cholakwacho. Tsopano mafunso akuchokera mbali ziwiri. Komiti imene mpingo unaika yokha inati ndalamazo n'zochepa ndipo cholinga chikhale biliyoni imodzi. Aphungu ena a Conservative akuti ndalamazo n'za maparishi a ku England amene akusowa ansembe, ndipo lamulo silikulola kuzipatutsa. Mkanganowo ndi wowawa, koma ukuchitikira pabwalo. Ndi mipingo ingati, kulikonse padziko, imene mkhristu wamba angadziwe kumene chopereka cha makolo ake chinaikidwa?

Aphungu akalowa m'kachisi

Pa chiphunzitso nkhani imasintha. Kuyambira 1919 mpingo umadzipangira malamulo ake kudzera mu msonkhano wake waukulu, umene kuyambira 1970 umatchedwa General Synod, wokhala ndi nyumba zitatu: ya mabishopu, ya ansembe ndi ya akhristu wamba. Koma lamulo la sinodi siligwira ntchito mpaka litadutsa m'komiti ya aphungu 15 a Commons ndi 15 a Lords, kenako n'kuvomerezedwa ndi nyumba zonse ziwiri. Aphungu sangalisinthe. Angathe kulilandira kapena kulikana basi.

Analikanapo. Mpingo unatha zaka pafupifupi 20 ukukonzanso buku lake la mapemphero la 1662. A Lords analandira buku latsopanolo, koma mu Disembala 1927 a Commons analikana ndi mavoti 238 kwa 205, motsogozedwa ndi nduna ya za m'dziko William Joynson-Hicks, amene ankati bukulo likubweza miyambo ya Chikatolika pa mgonero. Analikonzanso pang'ono, koma mu Juni 1928 linagwanso. Ambiri mwa olikana sanali a mpingowo n'komwe: aphungu a ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland, ndi Shapurji Saklatvala, wa chipani cha Chikomyunizimu, wobadwira ku India m'banja la Chiparsi, amene ankaimira dera la Battersea lomwelo la mayi de Cordova aja. Mabishopu sanakangane ndi nyumba ya malamulo. Mu 1929 anangogwirizana kuti sadzaletsa wansembe wogwiritsa ntchito buku lokanidwalo. Paja kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Mphamvu yokonza okha mapemphero anadzaipeza mwalamulo mu 1974.

Patapita zaka 84 chigwereni bukulo kachiwiri, ndodo yomweyo inakwapula mbali ina. Amayi anali atayamba kudzozedwa unsembe mu Malichi 1994 ku Bristol, ndipo pa 20 Novembala 2012 sinodi inavota ngati angakhalenso mabishopu. Mabishopu anavomera, ansembe anavomera, koma m'nyumba ya akhristu wamba mavoti anali 132 kwa 74, kuperewera ndi asanu ndi limodzi kuti akwane magawo awiri mwa atatu. M'mawa mwake nduna yaikulu David Cameron anauza aphungu kuti mpingo uyenera kuyenda ndi nthawi. Tsiku linalo mayi Diana Johnson a ku Hull anapatsidwa funso ladzidzidzi, ndipo a Baldry anaima m'nyumba yolusa. Ena ankafuna kuti mpingo ulandidwe chitetezo chimene uli nacho m'lamulo la 2010 loletsa tsankho. Ena ankafunsa chifukwa chimene mipando 26 ya m'nyumba ya malamulo ikhalire ya amuna okhaokha. A Baldry, amene nawonso anali okhumudwa ndi votiyo, sanayese kuteteza sinodi. Ananena mosabisa kuti nkhaniyi singaikidwe pambali mpaka chisankho china cha sinodi monga malamulo ake ankanenera. Uthenga unafika. Pa 14 Julayi 2014 sinodi yomweyo, anthu ake omwewo, inavomera, ndipo pa 26 Januwale 2015 mayi Libby Lane anadzozedwa ku York kukhala bishopu wa Stockport. Nyumba ya malamulo inawonjezera lamulo lake loti kwa zaka khumi mabishopu achizimayi azidumpha mzere polowa ku Lords, ndipo mayi Rachel Treweek a ku Gloucester analowa chaka chomwecho. Mu Okutobala 2025 analengeza kuti mayi Sarah Mullally, amene kale anali mkulu wa anamwino onse ku England, ndiwo Akibishopu watsopano wa Canterbury.

Wokondwa ndi zotsatira za 2014 ayenera kukumbukira 1927, chifukwa mphamvu imene inagwira ntchito ndi imodzi. Aphungu akakankhira mpingo kumene iwe ukufuna umati ndi demokalase, akaukankhira kwina umati ndi nkhanza za boma. Ine sindikhulupirira kuti phungu wosankhidwa chifukwa cha misewu ndi zipatala ali ndi nzeru zapadera pa za mgonero kapena kudzoza. Koma mpingo umene umavota pa malamulo a anthu onse ulibe pakamwa pouzira aphungu kuti za m'nyumba mwake siziwakhudza.

Nkhani ya maukwati a amuna kapena akazi okhaokha yafika pomwepo n'kuima. Lamulo la 2013 lololeza maukwatiwa ku England ndi Wales linapatula Mpingo wa England mwadala: wansembe wake sangamangitse ukwati wotere ngakhale atafuna. Mu Januwale 2023 mabishopu atanena kuti salola ukwati koma alola mapemphero odalitsa, a Ben Bradshaw a ku Exeter anafunsa funso ladzidzidzi, ndipo a Selous anayankha kwa aphungu amene ambiri ankati mpingo wa dziko lonse sungakanize nzika zina chimene lamulo limazilola. Sinodi itavomera madalitsowo mu Febuluwale, akuluakulu angapo a mipingo ya Angilikani ya ku Africa ndi Asia analengeza kuti sakuwaonanso a Welby ngati mtsogoleri wawo. Aphungu a ku Westminster ankati mpingo wachedwa, mabishopu a ku Kampala ndi Abuja ankati wathamangira kuphompho. Nyumba ya malamulo ya ku Britain ilibe mphamvu iliyonse pa mpingo wa Angilikani wa ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana, umene unakhala chigawo chodziimira chokha mu 1955, koma zonenedwa Lachinayi ku London zimamveka ku Likoma.

Funso limene silinafunsidwe

John Smyth anali loya wotchuka ndi tcheyamani wa bungwe la Iwerne Trust, limene linkachititsa misasa ya Chikhristu ya anyamata a m'masukulu a anthu olemera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980 ankatengera anyamata m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yake ku Winchester n'kuwakwapula ndi ndodo mpaka magazi, akuti akuwayeretsa machimo. Mu 1982 wansembe wina analemba lipoti lofotokoza zonsezi. Ansembe ochepa amene analiwerenga analibisa, apolisi sanauzidwe, ndipo mu 1984 Smyth anasamukira ku Zimbabwe, kumene anayambitsa misasa ina ya anyamata ndi ndalama zochokera kwa omuthandiza a ku England. Mu 1992 mnyamata wa zaka 16 anapezeka atafa m'dziwe losambiramo pa umodzi mwa misasayo. Chaka chotsatira loya David Coltart wa ku Bulawayo analemba lipoti la nkhanza zake, Smyth anatsegulidwa mlandu, koma mlanduwo unafera m'njira. Mu 2001 anapita ku South Africa. Akuluakulu a Mpingo wa England, a Welby omwe, anauzidwa mu 2013. Dziko linadziwa mu Febuluwale 2017 kudzera pa wailesi yakanema ya Channel 4, ndipo Smyth anamwalira ku Cape Town mu Ogasiti 2018 asanazengedwe mlandu ku Britain.

Zaka zonsezo kamishonala wachiwiri ankaimirira n'kuyankha. Mileme inafunsidwa, mtovu unafunsidwa, mabelu anafunsidwa. Phungu amafunsa chimene wauzidwa, ndipo woyankha amawerenga chimene akuluakulu a mpingo amulembera. Chinsinsi chimene mabishopu asunga sichingatuluke m'njira imeneyo. Amene anachitulutsa ndi ozunzidwawo ndi atolankhani.

Lipoti la a Keith Makin, limene mpingo unalamula mu 2019, linatenga zaka zisanu. Linatuluka pa 7 Novembala 2024, likunena kuti Smyth anazunza anyamata pafupifupi 30 ku Britain ndi pafupifupi 85 ku Africa, ndiponso kuti akanatha kugwidwa akanakhala kuti nkhani inaperekedwa moyenera kwa apolisi mu 2013. Pa 12 Novembala a Welby analengeza kuti atula pansi udindo. Madzulo a tsiku lomwelo a Commons ankakambirana bilu yochotsa ku Lords anthu olowa m'nyumbamo chifukwa cha kubadwa, ndipo a Gavin Williamson a Conservative anapempha kuti mabishopu achotsedwe nawo limodzi. Ngati panali tsiku loti ganizolo lipambane, linali limenelo. Linagwa ndi mavoti 378 kwa 41.

Si kuti aphungu amakonda mabishopu. Kalembera wa 2021 anapeza kuti odzitcha Akhristu ku England ndi Wales atsika kufika pa 46 peresenti kuchoka pa 59 peresenti mu 2011, ndipo 37 peresenti anati alibe chipembedzo. Opita ku tchalitchi cha Angilikani Lamlungu wamba sakwana awiri pa anthu 100 alionse. Kulekanitsa mpingo ndi boma kunachitikapo kale, ku Ireland mu 1871 ndi ku Wales mu 1920, ndipo Mpingo wa Scotland, umene amishonale ake anatsegula Blantyre, uli ndi lamulo la 1921 lotsimikiza kuti boma lilibe chonena pa za uzimu wake. Koma ku England mfundoyi yalukana ndi lumbiro la mfumu, malamulo a ukwati, masukulu, manda ndi nyumba 16,000 zija, ndipo palibe boma limene likufuna kuthera zaka zake likumasula zimenezo, kenako n'kutsala ndi madenga odontha m'manja. Atsogoleri ena a Ayuda, Asilamu ndi Asikh nawonso anenapo kuti bola mabishopu akhalemo, chifukwa akachoka chipembedzo chilichonse chidzasowa mawu m'nyumbamo.

Mu Febuluwale 2025 sinodi inakumana kuti isankhe mmene ntchito yoteteza ana ndi akuluakulu osatetezeka idzayendere. Pulofesa Alexis Jay, amene anatsogolera kafukufuku wa dziko lonse wa nkhanza zochitira ana, anali atalangiza kuti ntchito yonseyo ichoke m'manja mwa mpingo. Sinodi inavomera kusamutsa ogwira ntchito a ku likulu okha, n'kusiya a m'madayosizi pansi pa madayosizi awo kufikira nkhaniyo itaunikidwanso. Aphungu anakwiya, ozunzidwa anakwiya, ndipo mafunso a Lachinayi anadzaza ndi nkhani imeneyi monga anadzazira ndi ya mabishopu achizimayi mu 2012. Mwina kukankhako kudzagwiranso ntchito.

Wozunzidwa wa ku England ali ndi phungu amene angalembe funso, kuliika m'ndandanda, n'kuimirira Sipikala akamutchula. Ambiri mwa ozunzidwa a Smyth, komabe, ndi a ku Africa, ndipo savota ku Britain. A Makin analimbikitsa kuti pachitike kafukufuku wapadera wa zimene zinachitika ku Zimbabwe. Ku South Africa Akibishopu Thabo Makgoba anaika komiti yake, imene kumayambiriro kwa 2025 inapeza kuti mpingo wa kumeneko sunachenjeze mokwanira mipingo ina za munthuyo italandira uthenga mu 2013. A ku Zimbabwe anatenga njira ina. Mu Okutobala 2025 amuna angapo amene anapita ku misasa ija ali anyamata, pamodzi ndi mayi a mnyamata amene anafa mu 1992, analemba maloya a ku London kuti asumire Mpingo wa England.